Chinangwa cha aNambewe

Ana inu, zidzukulu zanga za ku Katete, za ku Sinda, ndi inu a ku Lusaka amene mumandikumbukira mtedza ukakhwima, khalani pansi. Amene ali ndi mawu omveka awerenge mokweza, enanu mugoneke kaye timafoni tanuto. Mukapeza chilembo chapendama musaseke. Ine sukulu ndinalekera mu Sitandade 2, osati chifukwa chouma mutu ayi, koma mtsinje wa kwathu unkadzadza masiku onse amene kunali samu, ngakhale m'chilimwe.

Mwamva kale kuti ndamana mdzukulu wanga Mailesi mbewu ya chinangwa. Ndikudziwa mwamva, chifukwa m'banja mwathu muno nkhani imathamanga kuposa mthuthuthu. Ena mukuti nkhalamba yayamba kusokonekera mutu. Ena mukuti yauma mtima chimwalirire mkazi wake. Tsono imvani kwa mwini wake, kenako muzindinena bwino.

Chinangwa chili kuseri kwa nyumba chija, potsikira kudambo, si cha kuno ku Mkaika. Chinachokera ku Vubwi, kwawo kwa malemu agogo anu aakazi, aNambewe. Ine ndinapita kumeneko ndili mnyamata kukacheka matabwa. Masiku amenewo kunalibe makina olira ngati mavu amene mukuwaona lerowa. Tinkacheka ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, utuchi ukumuthira m'maso ndi m'makutu. Wa m'dzenjeyo ndinali ine. Agogo anu anandiona koyamba ndikutuluka m'menemo ndili mbuu, ndipo anaseka mpaka madzi a pamutu anawakhuthukira kumsana. Anyamata inu, mkazi akakusekani chotero musathawe. Wayamba kukuganizirani.

Ndinakhala pa chikamwini zaka zingapo. Inu simuchidziwa chikamwini, mumangotengana pa siteshoni. Chikamwini ndiko kukhala kwawo kwa mkazi, kulima munda wa apongozi, kuwamangira nkhokwe, ndi kudya pang'onopang'ono ngati wodwala pamene m'mimba mukulira afisi. Apongozi aakazi sitinkayang'anana nawo. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ngakhale mukhale chitedze. Ndinayabwidwa ine chifukwa cha ulemu, kuti inu mubadwe.

Atandilola kutenga mkazi wanga chitengwa, kubwera naye kuno kwathu, m'mawa wonyamuka ndinapeza mtolo wa mitengo ya chinangwa utatsamira njinga yanga, womangidwa bwino ndi luzi. Apongozi anaima kuseri kwa nkhokwe atandifulatira, n'kumalankhula ngati akuuza nkhokweyo.

"Muwauze a Bandawo kuti mwana wanga sadya chigwada cha eni ake. Ndipo wina akadzapempha mbewuyi, asadzamubweze chimanjamanja. Mbewu samana."

Ine ndinayankha ndikuyang'ana tayala la njinga. "A Bandawo amva, amayi."

Njinga inali imodzi, koma inanyamula mkazi, mphasa, ndi mtolowo. Mapiri a ku Vubwi inu mumawaona pa windo la galimoto, simunawakankhirepo njinga. Pa chitunda chilichonse agogo anu ankatsika, koma mtolo sunkatsika. Tikuyandikira ku Chadiza ndinati, "Mayi, titayeko mitengo ina, yachuluka." Iwo anati, "Ngati n'kuchepetsa katundu, tsalani ndinu. Njingayi ndikankha ndekha." Sindinabwerezenso.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pano. Mbewu inali imodzi, koma masamba ake sankafanana. Mapata ena anali ndi masamba obiriwira, otambasuka ngati chikhatho. Ena anali ndi mawanga achikasu, okwinyika pang'ono m'mbali. Amenewo timati ali ndi khate. Aliyense ankalidziwa khate, koma palibe amene ankaliopa, popeza pansi chinangwa chinkabereka ndithu, mwina kungochepako pang'ono. Ndipo mayi aliyense wa kuno ankadziwa chinthu chimodzi: chigwada chokoma ndi cha masamba a khate. Ndi ofewa, sawawa, ndipo mumtondo sachedwa kusinjika. Agogo anu akalawa phata lokoma ndiwo, ankalimangirira kansanza kuti asadzaliiwale. Nthawi yodula mbewu ikakwana, ankayambira pa mapata a tinsanzawo. Ine ndinkati tisankheko obereka kwambiri pansi. Iwo ankati, "Inu mumadya pansi ngati nkhumba, ife anthu timadya pamwamba." Munda unali wawo, ndiye mlandu unkathera pomwepo.

Chigwada chimenecho, ana inu! Chosinja, chowira mpaka fungo lija la chiwisi litatha, n'kuthiramo nsinjiro zokazinga pang'ono. Inu amene munakulira nyama ya soya ya m'mapepala, ndingakufotokozereni bwanji? Kunali mbusa wina ankayenda pa njinga kuchokera kutali, amene ankadutsa pakhomo pano masana okhaokha. Ankati wadzationa. Ife sankatiyang'ana n'komwe, maso ali pa mphika.

Kenako chinabwera chaka chija chimanga chinapsa chisanafike m'chiuno. Makolo anu ena anali akuyamwa. Anthu anadya gaga, ena zikhawo za kutchire zimene sinditchula pano kuti mungayesere. Ife tinkapita kuseri kwa nyumba ndi khasu. Chinangwa ndi nkhokwe ya pansi, ilibe anankafumbwe ndipo siipsa ndi moto. Tinkadya chophika, chootcha, china tinkayanika makaka n'kusinja ufa. Pakhomo pano sitinaike maliro a njala, ndipo anansi amene ankabwera ndi kadengu sanabwerere chabe.

Njala itatha, anthu anayamba kubwera kudzapempha mbewu. A m'mudzi muno, a kutsidya, mpaka amayi a ku Sinda oyenda pansi, amene ankatipatsa moni m'Chichewa n'kumatinena m'Chinsenga. Agogo anu sankafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Ankangotenga chikwanje, ndipo popeza munthu supatsa mnzako zotsalira, ankadula pa mapata a tinsanza, okoma aja. Ankati kupatsa n'kuika. Ndiye m'banja muno unangokhala mwambo: mwana wamkazi aliyense akamakayamba nyumba yake, amagwada n'kulandira mtolo wake.

Agogo anu atatisiya, ndinapitiriza mmene ankachitira. Panatsala chitenje chawo china chong'ambika chimene palibe anachifuna pogawana zovala. Chimenecho ndiye ndinkang'ambako tinsanza. Kusinja sinditha, koma masamba a mawanga ndimawadziwa.

Koma mvula zapitazi munda unasintha. Sanalinso mawanga okha. Masamba anapotoka n'kuwonda ngati zingwe za nsapato, kunsonga kukwinyana ngati nkhonya ya khanda. Mitengo imene kale inkandibisa inayamba kulekera m'chiuno. Ndikakumba, ndinkapeza tichinangwa tonga tizala. Ndinathira manyowa a mbuzi. Ndinathira phulusa. Tsiku lina ndinachikalipira, anansi n'kumayesa ndapeza mbava.

Nthawi ya mwambo wa Kulamba kunabwera Tikambenji, wobadwa kwa mwana wanga Lute, uja anaphunzira za matenda a mbewu ndipo amagwira ntchito ku Lusaka. Ameneyu ndimamutcha mkazi wanga wamkulu, chifukwa ndi yekhayo amene amandibweretsera shuga osandilalikira za matenda ake. Anthu onse ali piringupiringu kuthamangira magule, iye anakanjuta m'munda mwanga ndi nsapato zake zoyera. Anatembenuza tsamba, n'kuuluka tizinthu toyera tating'onoting'ono.

"Agogo, mwaziona izi?"

"Ndaziona. Ntchentche zosamba."

"Zimenezi zimayamwa phata lodwala n'kukasiya matenda pa labwino. Koma chonyamula khate kutali kwambiri si izi. Ndi mtolo. Mukadula mtengo wodwala n'kubzala, mwabzala ndi matenda omwe."

Ndinati, "Mayi, khateli ndakhala nalo chikwatirire. Takalamba limodzi osayambana. Lero lakwiya chiyani?"

Anakhala pamzere n'kundifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi ana a Sande sukulu. Ndikuuzani mmene ndinamvera, ndipo ndikaphonyetsa andikonze mwini wake. Khate akuti ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, ndipo kali mitundumitundu. Nthawi zina mitundu iwiri imakumana m'phata limodzi, matenda n'kukula. Komanso anzake ofufuza anapeza kanthu kena kochepetsetsa kuposa kachiromboko, kachidutswa chabe ka chimene amati DNA, ndiye ulusi wa m'kati mwa chamoyo chilichonse umene umalamula kuti ichi chikhale chinangwa, ichi chikhale mbuzi. Kachidutswako pakokha sikadwalitsa. Koma kakapezana ndi khate, khatelo limalusa, mpaka limagwetsa ndi mbewu zina zimene anazikonza kuti zizipirira matendawa.

Ndinati, "Basi, lekera pomwepo. Amenewo ndikuwadziwa. Ndi malemu a Sikelo."

Inu simunawaone a Sikelo. Anali kamunthu kowonda, koti mphepo ya Julaye ikanakatenga. Moyo wawo wonse sanamenyepo munthu, ngakhale nkhuku sankapha okha. Koma pamowa pakakhala anthu awiri otsutsana pang'ono za malire a munda, nkhani yoti ikanatha ndi chipanda chimodzi, a Sikelo ankasendera kwa mmodzi n'kunong'ona kuti, "Ine akanandinena choncho sindikanalola." Basi, mitu kusweka. Ndipo pa mlandu dzina lawo silinkatuluka.

Tikambenji anaseka mpaka kugwira pansi. "Ndi omwewo, agogo. Ndipo zikuoneka kuti ena mwa a Sikelowo sachokera kutali. Amakhala ali m'chinangwa momwemo, phee, kudikira khate lifike. Zimenezo zikufufuzidwabe."

"Nanga m'munda mwangamu alimo?"

"Ndi maso sindingadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti munda uno suchira, ndipo mtengo uliwonse wotuluka muno ukukadwalitsa munda wa wina. Zulani, muotche, mubzale mbewu yabwino imene alangizi akubweretsa."

Kenako anaona tinsanza, n'kufunsa kuti n'ta chiyani. Nditamuuza, anagwira kamodzi. Sananene kuti zaka zonsezi pakhomo pano tinkasankha mapata odwala n'kumagawira dziko. Mwana uja ali ndi ulemu. Anangoti, "Khate la nthawi yawo silinali ili, agogo." Ine ndinati ndamva, n'kumufunsa kuti adzakwatiwa liti. Nkhani inathera pomwepo, monga ndinkafunira.

Sindinazule. Chinangwa chodwala chimakhalabe cha mwini wake, ndipo m'mawa ndikamatuluka ndimafuna kuchiona.

Ndiye Mailesi, wobadwa kwa mwana wanga Joisi, anakwatiwa ku Sinda. Munali pomwepo, munaona mmene ndinavinira, musamakane. Pasanathe nthawi anatumiza mawu kuti mvula ikayandikira adzabwera kudzagwadira mtolo wake, monga anachitira amayi ake. Apa tulo tinayamba kundivuta. Ndinafunsa konse kumene tinagawako mbewu. Kwa Lute chinatha. Kwa Joisi chikupota chimodzimodzi. Kutsidya anazula kale. Ndinati chabwino, madzi akavunduka umapita kuchitsime chake. Ndipita ku Vubwi kumene chinachokera, ndikatenge chabwino, mwana alandire mtolo wake, ndipo nkhani ya Tikambenji ikhale ya ku Lusaka.

Ndinanyamuka dzuwa la Okutobala likuphulitsa miyala. Minibasi mpaka ku Chadiza, kuchoka apo mthuthuthu. Woyendetsayo ndinamugwira m'chiuno mwamphamvu mpaka anati, "Madala, ndili ndi mkazi kale." Mapiri ndi omwe aja, koma kumene tinkacheka matabwa kulibe mtengo woti n'kupachikapo jekete. Ponseponse ziputu za soya ndi mpendadzuwa. Pamsika katundu wa ku Malawi, wa ku Mozambiki, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandizindikira, ine amene ndinayabwidwa chitedze m'dera limenelo.

Koma a Velonika anandizindikira ndili patali. Amenewa ndi mng'ono wawo wa agogo anu, okhawo otsala m'mimba imeneyo.

"Alamu! Mukadali moyo? Ife tinamva kuti munauma kale, kungoti aiwala kukuikani."

"Ndikudikira inu, alamu, kuti mutsogole mukasese pakhomo."

Tinaseka, tinalira pang'ono, ndinamwa thobwa. Nditapuma ndinati ndikufuna kuona chinangwa cha amayi. Anatenga ndodo yawo n'kunditsogolera kuseri, kumene kale kunali nkhokwe ija. Panali ziputu za soya basi.

"Chathu chinatha, alamu. Chinapota masamba, pansi osaika kanthu, ana n'kuzula. Inetu ndimati mvula ikayandikira nditumize mawu ku Mkaika. Paja kupatsa n'kuika. Ife tinaika kwa inu."

Ana inu, ine pakamwa sipandisowa mawu, mukudziwa. Tsiku limenelo panasowa. Nditawauza mmene chilili changa, anati, "Ngakhale chodwala, alamu. Kamtengo kamodzi kokha, ndizingokaona pakhomo."

Ndinati ndikaona. Munthu wamkulu akati ndikaona, mukudziwa tanthauzo lake.

Pobwerera sindinamugwirenso mwamphamvu woyendetsa uja. Ndinkangoganiza kuti mtolo umodzi uja unakwera njinga n'kudyetsa midzi, ndiye kuti mtolo umodzinso ukhoza kuchita zina.

Mailesi anabwera mitambo itayamba kusonkhana kum'mawa. Anabwera ndi luzi lake lomwe, atalinyika kale kuti lifewe. Mwana wophunzitsidwa bwino. Anagwada pakhonde, n'kuomba m'manja.

"Agogo, ndadzapempha mbewu ya agogo aakazi."

Ndinati, "Iwe, unandisiya ine mwamuna wako n'kukatengana ndi kamnyamata kopanda ndevu, lero ukufunanso chinangwa changa?"

Anaseka. "Inuyo munkachedwa kupereka chikole, agogo."

"Mailesi, sindikupatsa."

Anasekabe, n'kuyamba kufunafuna chikwanje kuseri kwa chitseko. Vuto la munthu wanthabwala ndi limeneli, ana inu. Tsiku limene walankhula zoona, palibe amakhulupirira. Ndinachita kubwereza ndi nkhope imene sindiigwiritsa ntchito kawirikawiri. Apo anaima, chikwanje chili m'manja.

"Amayi munawapatsa. Amayi aakulu munawapatsa. Ngakhale anthu osawadziwa n'komwe ankalandira. Ine ndalakwa chiyani?"

Ndinamutengera kumunda. Ndinamuuza zimene Tikambenji ananena, ndi zimene ndinakapeza ku Vubwi. Ndinafukula pambali pa phata limodzi ndi manja, n'kumuikira tizala tija m'chikhatho.

"Apongozi ako ali ndi munda wa chinangwa?"

"Ali nawo. Ndi umene umawatulutsa m'miyezi ya njala."

"Ndiye ukufuna akakudziwire ichi?"

Anakulunga luzi lake mosamala, n'kuliika m'chikwama. Ndinati adikire tiyi. Anati galimoto zimavuta masana. Chichokere pano sanandiimbire, ndipo sindikumuimba mlandu. Amayi ake analowa m'nyumba yatsopano ndi mtolo pamutu, iye walowa ndi luzi.

Madzulo ake ndinaimbira Tikambenji kuti ndagonja. Iye anati pali njira ina imene amachita kuntchito kwawo. Amadula kansonga kochepetsetsa, kamene matenda amakhala asanakafike bwino, n'kukalera m'botolo. Nthawi zina kamatuluka kopanda khate, nthawi zina ayi. "Sindikulonjeza, agogo," anatero kawiri, ngati ndine wogontha. Anabwera yekha n'kutenga timitengo tingapo, totsekera bwino kuti tisagwe panjira. Agogo anu sanapondeko ku Lusaka ali moyo, ankati kumeneko kulibe ndiwo. Apitako tsopano, m'katoni, pa basi yaikulu.

Mailesi, ngati uli pamenepo ukumva, kapena ngati wina akakuuza: zikadzatheka, mtolo woyamba ndi wako, kaya ine ndidzakhalapo kaya ayi. Wachiwiri upite ku Vubwi, ndipo afulumire nawo, chifukwa alamu anga aja sakuchepa. Zikadzakanika, ukalandire mbewu yabwino kwa alangizi, ubzale, ndipo tsamba la mawanga ukaliona, ulidye lero lomwelo koma mtengo wake usausunge.

Tsono nayi ntchito. Anansi anga alandira mbewu yawo yatsopano, ndipo mvula ikangogwa abzala pafupi ndi ine. Sindingawasiyire munda wodwala pamalire. Loweruka likudzali, nonse amene muli ndi miyendo mubwere ndi makasu. A ku Lusaka musanamizire ntchito, bwerani ndi manja anu osalalawo adzalawe matuza. Tidzazula zonse, kuunjika pakati, n'kuotcha. Ine ndidzakhala pansi pa mango n'kumakulozerani pamene mwasiya, chifukwa ntchito imeneyo ndimaitha kuposa aliyense.

Koma phata loyamba ndidzazula ndekha. Pasadzapezeke wanzeru wondilanda khasu. Ndipo mukadzaona kuti ndachedwa kuweramuka, musadzabwere kudzandisuzumira kumaso. Ndi msana chabe. Inu mudzangoyamba mzere wachiwiri.